Mliri Ukafika, Fiyeta Isatsekedwe: Nkhani ya Zipatala za Machinga ndi Balaka

Pamene Boma linalengeza pa 2 Epulo 2020 kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi nthenda ya Covid-19 mu mzinda wa Lilongwe, maso a Amalawi onse anatembenukira ku nthenda imodzi yomweyo. Madzulo alionse tinali kutchera khutu ku wailesi kuti timve chiwerengero cha odwala atsopano, cha ochira ndi cha otisiya. Koma analipo anthu ena ambirimbiri amene sanalowe konse m'chiwerengerocho ngakhale kuti mliriwo unawakhudza kwambiri: mayi amene mwana wapingasa m'mimba, mnyamata wothyoka mwendo pa njinga ya kabaza, bambo wa haniya amene anali atauzidwa kale tsiku lakuti adzalowe m'fiyeta, ndi gogo amene ng'ala yaphimba maso onse awiri. Nthenda za anthu amenewa sizinamve kuti kunja kwagwa mliri, ndipo zinapitirira kukula monga mwa chikhalidwe chake.

Lero tifuna kukamba ndi awerengi athu za anthu otere, ndiponso za m'mene zipatala zingagwirizanire kuti mpeni wa dotolo usagone pansi pa nthawi ya mliri. Tatenga maboma a Machinga ndi Balaka kukhala chitsanzo chathu, pakuti kumeneko nkhaniyi ioneka poyera kuposa m'mizinda ikuluikulu.

Maboma awiri amene anali limodzi

Achikulire adziwa kuti Balaka linali gawo la boma la Machinga, limene kalelo linkatchedwa Kasupe, kufikira chaka cha 1998 pamene linapatsidwa ulamuliro wakewake. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 735,438 ku Machinga ndi 438,379 ku Balaka. Onse pamodzi apitirira 1,170,000, ndipo boma lililonse lili ndi chipatala chachikulu cha Boma chimodzi chokha: china chili pa Liwonde, china pa Balaka, motalikirana makilomita ngati 30. Nthenda ikakanika pa zipatala ziwirizi, wodwala atumizidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba, chimene chilandiranso odwala a ku Mangochi ndi ku Phalombe. Ikakanika ku Zomba, ulendo uloza ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Malire a pa mapu ndi ena, njira imene wodwala ayenda ndi ina. Munthu wa ku Ulongwe kapena kwa Kalembo ndi wa m'boma la Balaka, koma akatsika ndi msewu wochokera ku Mangochi nafika pa mphambano, apeza kuti chipatala cha pa Liwonde chili pafupi, kungooloka mlatho wa pa Shire, pamene cha ku Balaka chikali patali. Chotero fiyeta ya boma limodzi itumikira anthu a boma lina tsiku ndi tsiku, mliri ulipo kapena palibe. Kumbali ina kuli munthu wa ku Nayuchi, kumalire ndi Mozambique, kapena wa ku Chikweo ndi ku Ngokwe, amene ngakhale chipatala cha boma lake lomwe achifika atatopa, makamaka m'dzinja.

M'chaka cha 2015 bungwe la akatswiri a zamaopaleshoni loitanidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet linaika muyeso wakuti munthu aliyense azitha kufika, pasanathe maola awiri, pa chipatala chokhoza kuchita zinthu zitatu: kutulutsa mwana pa opaleshoni, kutsegula m'mimba, ndi kusamalira fupa lothyoka limene latulukira pa bala. Tikayeza ndi muyeso umenewu tiona kuti fiyeta imodzi mwa ziwirizi ikatsekedwa ngakhale kwa tsiku limodzi, midzi yambiri igwera kunja kwa maola awiriwo.

Opaleshoni imene amati ingadikire

Madotolo agawa maopaleshoni m'magulu awiri. Alipo a mwadzidzidzi, amene kuchedwa kwa maola owerengeka kubweretsa imfa, monga chiberekero chong'ambika, matumbo opotana, kapena mimba yokhala panja pa chiberekero imene yaphulika. Alipo ena oikidwa tsiku, monga haniya, phudzi, chithokomiro, zotupa za m'chiberekero ndi ng'ala. Mliri ukafika gulu lachiwirili ndilo liyamba kuimitsidwa, ndipo m'dziko muno, monganso m'maiko ena, zipatala zinachepetsa maopaleshoni otere pa nthawi imene nthenda inafika pachimake.

Sitinena kuti kuteroko kunali kupanda nzeru. Gulu la madotolo a m'maiko ambiri lotchedwa COVIDSurg, lotsogozedwa ndi yunivesite ya Birmingham ku Mangalande, linafalitsa mu Meyi 2020 zimene linapeza pa odwala 1,128 amene anachitidwa opaleshoni ali ndi kachilombo ka Covid-19: pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anamwalira pasanathe masiku 30. Dotolo amene anamva zimenezi anali ndi chifukwa chokwanira chouzira wodwala kuti ayambe wabwerera kumudzi. Gulu lomwelo linawerengera kuti pa dziko lonse lapansi maopaleshoni oposa 28 miliyoni akanaimitsidwa m'masabata 12 a chisokonezo chachikulu.

Koma mawu akuti "ingadikire" ali ndi tanthauzo lina ku Birmingham ndi tanthauzo linanso ku Phimbi. Wodwala wa kuno safika ku chipatala nthenda itangoyamba. Afika atapirira zaka, atayesa mankhwala a pa golosale ndi a zitsamba, chotupa chitakula kale. Tsiku limene anapatsidwa ndi dotolo walikonzekera miyezi: wagulitsa mbuzi kapena thumba la nandolo kuti apeze ndalama ya ulendo wake ndi wa womudikirira, wapempha mbale kuti amuyang'anire munda. Munthu wotere akabwezedwa pa geti, si onse amene adzatha kusonkhanitsanso ndalamayo. Ndiponso haniya siikhala chete kudikira kuti mliri uthe. Tsiku lina matumbo apanikizika pa chibowo chija, magazi aleka kuyendamo, ndipo opaleshoni imene ikanatha msanga wodwala ali maso isanduka nkhondo ya pakati pa usiku, yofuna kudula matumbo, yofuna magazi, yofuna mpweya, pa nthawi yomwe zinthu zimenezi zikusowa. Kuimitsa maopaleshoni oikidwa tsiku ndiko kubereka maopaleshoni a mwadzidzidzi a mawa.

Tisaiwalenso za khasu. Funde lachiwiri la mliri, limene linali loopsa koposa loyamba, linafika mu Januwale 2021, mwezi wopalira ndi kuthira feteleza. Bambo amene sangathe kuwerama chifukwa cha phudzi kapena haniya ataya nyengo yonse ya ulimi, ndipo banja lake lidzaona zotsatira zake chaka chamawa nkhokwe ikapepuka. Zimenezi sizilembedwa m'kaundula wa chipatala chilichonse.

Anthu a m'fiyeta

Awerengi ena aganiza kuti pa chipatala cha boma pakhala katswiri wa maopaleshoni monga a ku Queen Elizabeth. Sizili choncho. Ntchito yaikulu igwiridwa ndi ma clinical officer, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa m'chaka cha 1976 poona kuchepa kwa madotolo. Kafukufuku amene Dr Garvey Chilopora ndi anzake anafalitsa mu 2007 anapeza kuti pa amayi 10 alionse otulutsidwa mwana pa opaleshoni, pafupifupi 9 anathandizidwa ndi ma clinical officer, ndi kuti machiritso ake sanasiyane kwenikweni ndi a madotolo. A mafupa nawonso ali ndi maphunziro awoawo, amene anayambika mu 1985. Ili ndi dongosolo limene Malawi ayenera kulinyadira.

Kufooka kwake n'kwakuti anthuwa ndi ochepa. Makamaka ogonetsa odwala, pa chipatala cha boma awerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Masiku oyamba a mliri munthu wopezeka ndi kachilombo, kapena wokhudzana ndi wodwala, ankakhala kwayekha masabata awiri. Taganizirani tsono pa chipatala pamene ogonetsa odwala alipo awiri, mmodzi wadwala, winayo wagwira ntchito usana ndi usiku masiku atatu. Fiyeta ili yotsegula, magetsi akuyaka, mipeni yaphikidwa, koma opaleshoni singachitike. Pamenepa chithandizo chofulumira sichingachokere ku likulu la Unduna ku Lilongwe. Chili pa mtunda wa makilomita 30, kwa mnzawo wa boma loyandikana, ngati akuluakulu a zipatala ziwirizo anamvana kale zakuti akhoza kubwerekana anthu. Makolo anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Tikumbukirenso kuti mu Epulo 2020 anamwino ndi madotolo m'zipatala zingapo ananyanyala ntchito podandaula kuti alibe zovala zodzitetezera. Ena anawadzudzula. Ife tiona kuti munthu amene ntchito yake ndi kulowetsa chubu pa khosi pa wodwala, nkhope yake ili pafupi ndi mpweya wa wodwalayo, sanali kupempha chinthu chachilendo.

Magazi a ku Balaka

Pa zinthu zonse zimene zimanga zipatala za chigawo chino pamodzi, palibe chooneka bwino kuposa magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, lili ndi malo anayi m'dziko muno: ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Balaka. Malo a ku Balakawo satumikira Balaka yekha. Magazi osonkhanitsidwa kumeneko apita ku zipatala za maboma oyandikana, kotero kuti mayi wotaya magazi pa Liwonde akhoza kupulumuka ndi magazi a mnyamata wa sukulu amene sanaondepo phazi m'boma la Machinga.

Tatchula mnyamata wa sukulu mwadala. Gawo lalikulu la magazi a m'dziko muno lichokera kwa ophunzira a m'masekondale ndi m'makoleji, chifukwa ndi kumene bungweli lipeza achinyamata athanzi ambiri pa malo amodzi. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 ndipo zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Sepitembala chaka chomwecho. Zinatsekedwanso kwa masabata angapo kumayambiriro a 2021. Lamulo lotseka sukulu linaikidwa pofuna kuteteza ana, koma linatsekanso kasupe wa magazi. Magazi sasungika ngati chimanga: akatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi m'firiji atayidwa. Ndipo miyezi ya mvula ndiyo miyezi ya malungo, pamene ana aang'ono ambiri afika ku chipatala atayera m'maso ndi m'manja, ofuna magazi tsiku lomwelo. Dotolo amene watsala ndi mapaketi awiri okha m'firiji sangayambe kuchotsa chotupa cha m'chiberekero, podziwa kuti usiku womwewo angalandire mwana wa malungo kapena mayi wochokera ku Ntaja.

Apa mpamene kugwirizana kupindula mosavuta. Magazi ali ndi magulu, ndipo gulu limene likusowa pa chipatala china likhoza kukhala likuyandikira tsiku lotayidwa pa chipatala chinzake. Ngati a labotale a zipatala za Machinga, Balaka, Zomba ndi Mangochi auzana m'mawa uliwonse zimene ali nazo, paketi imene ikanatayidwa ikwera ambulansi yomwe inali kupita kale njira imeneyo.

Mpweya ndi magetsi

Palibe Mmalawi amene adzaiwala Januwale 2021. Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri za Boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Chimene chinasowa koposa chinali mpweya wa okosijeni. Wodwala mmodzi wa Covid-19 wobanika kwambiri atha silinda yaikulu m'maola owerengeka, ndipo silinda yomweyo ndiyo ifunika ku fiyeta ndi ku chipinda cha makanda obadwa masiku asanakwane. Chipatala cha Queen Elizabeth chinathandizika ndi makina opangira mpweya amene anamangidwa mu 2020 mothandizidwa ndi bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, koma zipatala za m'maboma pa nthawiyo zinali kudalira masilinda obwera pa galimoto ndi timakina tating'ono tokoka mpweya, timene tigwira ntchito pokhapokha magetsi akayaka. Amalawi wamba, motsogozedwa ndi mlembi Stanley Onjezani Kenani ndi anzake, anasonkha ndalama zogulira masilinda ndi zipangizo zina, ndipo ntchito yawoyo iyenera kukumbukiridwa.

Boma linasandutsa nyumba ya chifumu ya ku Zomba kukhala chipatala cha odwala Covid-19, monga linachitiranso ndi bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe. Anthu ambiri anaona nkhaniyi ngati ya mabedi chabe. Koma kwa wodwala wa opaleshoni inali ndi phindu lina: wodwala aliyense wa mliri wogonekedwa kunja kwa chipatala chachikulu cha Zomba anasiya bedi m'chipatalamo, ndipo bedi limenelo ndilo lilandira wotumizidwa kuchokera ku Liwonde kapena ku Balaka. Kunali komweko ku Zomba kumene katemera anakhazikitsidwa pa 11 Malichi 2021, patangopita masiku ochepa chifikireni katemera woyamba 360,000 wa AstraZeneca kudzera mu ndondomeko ya COVAX.

Pali luso limene zipatala za m'maboma zinali nalo kale ndipo linathandiza. Amayi ambiri otulutsidwa mwana pa opaleshoni sagonetsedwa tulo. Abayidwa jakisoni wa pamsana amene achititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, iwo ali maso ndi kupuma okha. Haniya yaing'ono nayonso itheka ndi mankhwala a dzanzi obayidwa pa malo pomwepo. Njira zimenezi sizidya mpweya wambiri ndipo siziika wogonetsa odwala pa ngozi yaikulu yotenga kachilombo. Chotero sikunali kofunika kuti opaleshoni iliyonse yoikidwa tsiku iimitsidwe mofanana; kusankha mwanzeru kukanasiya yambiri ikuyenda.

Za magetsi tingotchulako. Mu Januwale 2022, mliri usanathe, namondwe wotchedwa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko linakhala m'mavuto a kuzima kwa magetsi kopitirira chaka. Makina ophikira zipangizo za opaleshoni afuna magetsi ndi madzi. Akaima pa chipatala chimodzi, njira ilipo iwiri: kutumiza odwala onse kwa mnzako, kapena kutumiza zipangizo zokha kuti akaziphike zibwerere. Yachiwiriyi ndiyo yotsika mtengo, koma ifuna kuti mnzakoyo akhale wokonzeka kukulandira pa ola lililonse.

Uphungu wa pa lamya

Chinthu chimodzi chinakonzedwa mliri usanabwere, ngati kuti okonzawo anaudziwiratu. Pakati pa 2017 ndi 2021 panali ntchito yotchedwa SURG-Africa, imene sukulu ya madotolo ya College of Medicine ku Blantyre inagwira pamodzi ndi Royal College of Surgeons in Ireland, ndi thandizo la ndalama lochokera ku European Union. Akatswiri a maopaleshoni, a zogonetsa odwala ndi anamwino a m'fiyeta anali kuyendera zipatala za m'maboma kukaphunzitsa anzawo pa ntchito pomwepo. Ndipo mu 2018 anakhazikitsa gulu la pa WhatsApp lolumikiza ogwira ntchito m'zipatala za m'maboma a chigawo cha Kummwera ndi akatswiri a ku zipatala zazikulu. Clinical officer akakumana ndi nthenda yomuzunguza, alemba mbiri ya wodwalayo popanda dzina, atumiza chithunzi cha X-ray kapena cha bala, ndipo katswiri ayankha: uyu m'chiteni opaleshoni komweko motere, uyu m'patseni madzi ndi mankhwala awa kenaka m'tumizeni, uyu musam'vutitse ndi ulendo. Kafukufuku amene anachitika pambuyo pake anaonetsa kuti odwala ambiri amene akanatumizidwa popanda chifukwa anathandizidwa kwawo komweko.

Pa nthawi ya mtendere phindu la dongosolo lotere ndi mafuta a ambulansi. Pa nthawi ya mliri phindu lake likula, pakuti ulendo uliwonse wopewedwa ndi wodwala mmodzi, womudikirira, namwino ndi dalaivala amene sanapumirane mpweya m'galimoto yotseka kwa ola lathunthu, ndiponso ndi bedi limodzi losadzazidwa ku Zomba. Choopsa n'chakuti ntchito zoyamba ndi ndalama za abwenzi akunja zizilala ndalamazo zikatha. Gulu la pa lamya silidya ndalama zambiri, koma lifuna munthu woliyang'anira ndi akatswiri amene adziwa kuti kuyankha ndi gawo la ntchito yawo, osati chifundo chabe.

A mishoni, ndi funso la mafuta

Zipatala za mipingo, zimene zili pansi pa bungwe la Christian Health Association of Malawi, zipereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno. M'maboma awiriwa zambiri ndi zazing'ono, monga za ku Utale ndi Kankao ku Balaka, kapena za ku Nsanama, Mpiri, Namandanje, Mposa ndi Gawanani ku Machinga. Izi sizichita maopaleshoni aakulu, koma ndizo ziona mayi woyembekezera poyamba ndi kuweruza ngati ayenera kuthamangitsidwa ku fiyeta. Pa msewu wa Liwonde ndi Zomba pali chipatala cha St Luke's ku Malosa, cha mpingo wa Anglican, chimene chili ndi fiyeta yakeyake. Kuyambira 2006 Boma lakhala likuchita mapangano ndi zipatala za mipingo akuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa mwaulere, Boma n'kubweza ndalamazo. Nzeru yomweyo ikhoza kutambasulidwa pa nthawi ya mliri kuti ifikirenso maopaleshoni ena oikidwa tsiku. Koma wa mishoni adzavomera mosavuta ngati ngongole zakale zalipidwa pa nthawi yake, ndipo madandaulo a kuchedwa kwa malipiro ameneŵa amveka kangapo.

Tafika tsono pa chopinga chenicheni, chimene sichili m'fiyeta ayi koma mu ofesi ya owerengera ndalama. Chiyambire ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998, zipatala za m'maboma ziyendetsedwa kudzera m'makhonsolo, pamene zipatala zazikulu monga cha Zomba zili pansi pa Unduna wa Zaumoyo. Khonsolo ya Machinga ili ndi thumba lake, ya Balaka ili ndi lake. Tsono mayi wa ku Ulongwe akachitidwa opaleshoni pa Liwonde, ulusi wosokera, magolovesi ndi mankhwala zachoka m'thumba la Machinga. Ambulansi ya ku Balaka ikanyamula wodwala wa pa Liwonde popita ku Zomba, mafuta alipira ndani? Wogonetsa odwala akabwerekedwa sabata imodzi, agona kuti ndipo adya chiyani? Mafunso ameneŵa aoneka aang'ono, koma ndiwo aimitsa galimoto pa geti wodwala akubuula m'katimo. Ogwira ntchito athandizana mwa ubwenzi, wina aimbira mnzake amene anaphunzira naye kalasi imodzi, ndipo zinthu ziyenda. Ubwenzi n'chinthu chabwino, koma munthu asamutsidwa, ndipo wobwera m'malo mwake sadziwa aliyense tsidya linalo la Shire.

Sitinganene kuti ndalama kunalibe konse. Kafukufuku wa mkulu woona za kayendetsedwe ka chuma cha Boma, wotuluka mu Epulo 2021, pa K6.2 biliyoni yolimbanirana ndi mliri anapeza kuti zina zinaonongeka pa maalawansi osayenera ndi pa kugula katundu mosatsata malamulo, ndipo Boma linachotsa ena pa maudindo. Munthu akaganiza kuti ndi malita angati a dizilo amene ndalama zotere zikanagula, mtima uŵaŵa.

Chipatala china cha mliri, china cha mpeni

Kafukufuku wina wa gulu lija la COVIDSurg, wofalitsidwa kumapeto a 2020, anaona odwala khansa oposa 9,000 ndipo anapeza kuti amene anachitidwa opaleshoni m'zipatala kapena m'zigawo zopatulidwa, kumene odwala Covid-19 sanali kufikako, anadwala m'mapapo mochepera theka poyerekeza ndi anzawo. Mu Malichi 2021 gululo linalangizanso kuti munthu amene wadwala Covid-19 adikire masabata 7 asanachitidwe opaleshoni yosafulumira. Uphungu wachiwiriwu ndi wosavuta kuutsata kulikonse. Woyambawo ndi umene ufuna kuganizira.

Ku London n'kotheka kunena kuti chipatala ichi ndi cha mliri, icho ndi cha maopaleshoni, chifukwa zipatala zili khomo ndi khomo. Kuno sitingauze mayi wa ku Nayuchi amene ali pa ululu wa kubereka kuti apitirire chipatala cha pa Liwonde n'kukafika ku Balaka. Maopaleshoni a mwadzidzidzi ayenera kuchitika pa zipatala zonse ziwiri, mliri ukhale waukulu chotani. Koma oikidwa tsiku ndi nkhani ina. Munthu wa haniya akhoza kuyenda makilomita 30 owonjezera ngati galimoto ilipo. Zipatala ziwirizi zikhoza kukhala ndi kaundula mmodzi wa odikira, wosanjidwa monga mwa kuopsa kwa nthenda, ndipo sabata imene wodi ya pa Liwonde yadzaza ndi odwala mliri, gulu la fiyeta la ku Balaka litenge odwala a maboma onse awiri; zinthu zikatembenuka, nawonso atembenuke. Katswiri wochokera ku Zomba akabwera kudzathandiza, apeze odwala a maboma awiri atasonkhanitsidwa pa malo amodzi, m'malo moyenda maulendo awiri.

Alipo amene anganene kuti Covid-19 inapita, pakuti bungwe la World Health Organization linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti nthendayi sinalinso ngozi ya dziko lonse lapansi. Anthu a ku Machinga sangavomere kuti nkhani yatha. Kumayambiriro a Malichi 2022, pa chipatala chomwechi cha pa Liwonde, ndi pamene anatsimikizira wodwala woyamba wa kolera imene inafalikira m'maboma onse a dziko lino ndi kupha anthu oposa 1,700, yoopsa koposa ina iliyonse m'mbiri yathu. Kolera sifuna mpweya, koma imeza madzi a m'mabotolo oika m'mitsempha, anamwino ndi mahema, ndipo madzi omwewo ndiwo wodwala wa opaleshoni sangalowe m'fiyeta popanda iwo. Pamwamba pake panadza namondwe Freddy mu Malichi 2023, amene anagumula misewu ndi milatho m'chigawo cha Kummwera ndi kudzaza zipatala ndi anthu ovulala. M'zaka zitatu zokha fiyeta za chigawo chino zinayesedwa katatu, ndi mayeso atatu osiyana.

Pangano limene tikunenali silifuna nyumba yatsopano kapena thandizo la kunja. Lifuna kuti akuluakulu a zaumoyo a makhonsolo awiriwa, pamodzi ndi a chipatala cha Zomba, a St Luke's ndi a nkhokwe ya magazi ya ku Balaka, akhale pansi nthawi ino ya bata ndi kulemba pa pepala zinthu zoŵerengeka: ndani aimbira ndani fiyeta ikaima, mafuta abwezedwa motani, wobwerekedwa asamalidwa ndi yani, ndi maopaleshoni ati amene sadzaimitsidwa ngakhale zitavuta. Ndipo m'kaundula wa odikira mulembedwe mudzi wa wodwala, mfumu yake ndi dzina la mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, kuti wobwezedwa pa geti adzatumiziridwe uthenga fiyeta ikatsegulidwa, asadzaonongenso mbuzi yachiwiri pa ulendo wongodzafunsa.